Ndodo yokokera muskie: gulani yopindika, osati yodula

Ndodo yanga yoyamba ya muskie inathyoka isanagwire nsomba ndi imodzi yomwe. Inali ya graphite, chipangizo chouma cha kaboni, yopepuka ngati bango louma, ndipo mtengo wake sindinaulule kunyumba mpaka lero. Tinali pa nyanja ina kumpoto kwa Wisconsin, ku United States, kumayambiriro kwa Novembala, kukuzizira koti zala zaleka kumva, boti likuyenda, nyambo ikubwera m'mbuyo. Nyamboyo inakodwa pamwala pansi pa madzi. Boti silinaime, chingwe sichinaduke, ndipo buleki ya reel, kachipangizo kokulungira chingwe, ndinali nditaimanga ndithu. Chimene chinagonja ndi ndodo: thyo! pakati penipeni. Bambo achikulire amene ananditenga tsikulo sanaseke. Anangosolola ndodo yawo yakale ya fiberglass, chipangizo chopindika cha ulusi wagalasi, yolemera, utoto utakalikakalika, n'kundipatsa. Ndi imeneyo imene inakoka nsomba dzuwa litapendeka.

Kwa amene simunaionepo, muskie ndi nsomba yolusa ya m'nyanja ndi m'mitsinje ya ku North America. Dzina lake lonse ndi muskellunge, lochokera ku chilankhulo cha anthu a mtundu wa Ojibwe. Amene munakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ganizirani ncheni, thupi lalitali lija ndi mano aja, koma yotalika ngati mwana wa zaka 8. Ya mainchesi 50, omwe ndi masentimita 127, ndiyo imene msodzi aliyense amailota. Imene Cal Johnson anagwira pa Lac Courte Oreilles ku Wisconsin m'chaka cha 1949 inalemera mapaundi 67 ndi theka, kupitirira makilogalamu 30. Asodzi amaitcha nsomba yofuna kuponya ka 10,000, chifukwa mutha kuponya nyambo tsiku lonse osalumidwa n'kamodzi komwe. N'chifukwa chake ambiri amasankha njira imene pa Chingerezi amati trolling: mumatsitsa nyambo kumbuyo kwa boti, injini ikuyenda, n'kumaikoka mtunda wautali mpaka idutse pamphuno pa nsomba yanjala. Ndodo ya ntchito imeneyi ndi yosiyana ndi yoponyera, ndipo musanalowe m'sitolo pali zoyamba kuzidziwa.

Choyamba, funsani lamulo la kumene mukupita

Funso si lakuti ndodo iti, koma ndodo zingati. Ku Minnesota, limodzi mwa maboma a United States, pa nyanja zambiri za mkati mwa bomalo monga Leech, Vermilion ndi Mille Lacs, msodzi mmodzi amaloledwa chingwe chimodzi chokha madzi akakhala osaundana. Ku Michigan munthu mmodzi atha kuika zingwe zitatu. Ku Wisconsin zimatengera dera. Ku Ontario, m'dziko la Canada, nakonso dera lililonse lili ndi malamulo ake. Ngati mukuloledwa ndodo imodzi, mugula imodzi yotha ntchito zonse. Ngati m'boti muli anthu anayi ndipo aliyense ali ndi zingwe zitatu, mukufuna ndodo zosiyana kutalika kuti zingwe zisakolane. Malamulowa amasintha, choncho werengani kabuku ka chaka chimenecho pogula laisensi.

Chachiwiri, nyambo ndiyo imasankha ndodo

Ambiri amayamba ndi nsomba. Amati nsomba ndi yaikulu, ndiye ndodo ikhale yolimba ngati mpini wa khasu. Iwalani nsomba kaye. Nsomba mulimbana nayo mphindi zochepa chabe, pamene nyambo ikoka ndodo yanu maola 8 kapena 10 osapuma.

Nyambo za muskie ndi zopanga, zamtengo kapena zapulasitiki, zooneka ngati nsomba, ndipo zambiri zili ndi mlomo wotambalala kutsogolo. Mlomowo ndiwo umazimiza ndi kuzigwedeza. Nyambo monga Super Shad Rap kapena Depth Raider sizikoka kwambiri, ndodo yolembedwa kuti medium heavy, kutanthauza yamphamvu zapakatikati, izitha bwinobwino. Jake, Grandma ndi Believer za mainchesi 10 zimakoka moonjezerapo. Koma zilipo zina, monga Legend Plow kapena Headlock, zazikulu ngati mkono wa munthu, zimene zikamira zimakoka ngati mwakoleka ndowa yodzadza madzi. Zimenezi zimafuna ndodo zamphamvu kwambiri, za heavy kapena extra heavy. Onjezaninso liwiro: asodzi a muskie amayendetsa boti mamailosi 3 mpaka 5 pa ola, pafupifupi makilomita 5 mpaka 8, ndipo m'chilimwe ena amapitirira pamenepo. Mukaonjezera liwiro pang'ono, kukoka kwa nyambo kumakwera kwambiri.

Tsono tengani nyambo yaikulu pa zonse zimene mudzagwiritse ntchito, imeneyo ndiyo muyeso wanu. Ine ndimayang'ana chonchi: nyambo ikamayenda pa liwiro lake, ndodo ipinde chakunsonga mpaka cha pakati, theka lakumunsi likhale lidakali ndi mphamvu. Ikapinda mpaka pa chogwirira nsomba isanalume, ndiye kuti yatha kale, ilibe chosungira. Ikangoti njo osapinda n'komwe, yauma mopitirira.

Chachitatu, fiberglass kapena graphite

Apa ndiye pamene ndalama za anthu zimathera pachabe, ndiye tikhalepo kanthawi.

Ndodo yoponyera imakhala m'manja tsiku lonse. Iyenera kupepuka kuti phewa lisatope, iyenera kuuma kuti mukaikoka mwamphamvu mbedza ilowe m'kamwa mwa muskie, momwe ndi mafupa okhaokha. Graphite imachita zimenezi bwino kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ndi yodula. Koma ndodo yokokera sikhala m'manja. Imakhala m'chopanira chake pambali pa boti, inu mutapinda manja kapena mukumwa tiyi wa m'fulasiki. Kupepuka kwake kulibe ntchito. Ndipo mbedza simulowetsa ndinu, imalowetsedwa ndi boti. Taganizirani: boti likupita kutsogolo makilomita 7 pa ola, nsomba ya makilogalamu 15 yagwira nyambo n'kutembenukira kwina. Mphamvu yonseyo imafika kamodzin'kamodzi, ndipo payenera kupezeka chinachake chogonja. Ngati si ndodo, chigonja chingwe, kapena mfundo, kapena mbedza iwongoka, kapena mnofu wa pakamwa pa nsomba ung'ambika, nsomba n'kupita.

Fiberglass imapinda pang'onopang'ono kuchokera kunsonga kutsikira kumunsi, n'kumeza kugunda konseko. Nsomba ikafika pafupi ndi boti n'kuyamba kupukusa mutu uku ndi uku, monga muskie imachitira, ndodo yofewa imatsatira mutuwo, chingwe sichikhwepa. Ndodo youma imabwerera msanga, chingwe chimalendewera kwa kamphindi, ndipo kamphindi kameneko nkokwanira kuti nyambo yolemera ilavulidwe. Fiberglass imapiriranso nkhanza: kugundidwa ndi chitsulo cha chopanira, kupondedwa, kukodwa pamwala. Graphite ikangokhala ndi kabala kakang'ono kosaoneka ndi maso, tsiku lina ithyokera pomwepo, ndipo imasankha tsiku loipitsitsa.

Pali ndodo zosakaniza ziwirizi, zolembedwa kuti composite, zokhala ndi graphite kumunsi ndi fiberglass chakunsonga. Ndi zabwino, makamaka ndodo ikakhala yaitali kwambiri, chifukwa ya fiberglass yokhayokha ya mapazi 10, pafupifupi mamita atatu, imalemera ndithu mukamalimbana ndi nsomba. Pa chizindikiro yang'anani mawu akuti moderate, kutanthauza yopinda mpaka cha pakati. Mukaona fast kapena extra fast, ibwezeni pomwe inali, imeneyo ndi yoponyera.

Za maina a makampani sindilimbikira kwambiri. St. Croix ya ku Park Falls, ku Wisconsin komweko, imapanga ndodo zokokera muskie mwachindunji. Shimano ili ndi TDR, Okuma ili ndi Classic Pro, ndipo Ugly Stik Tiger yakhala ikukoka nsomba zazikulu kwa zaka zambiri pa mtengo wotsika. Chinsinsi chimene asodzi akale amauzana n'chakuti ndodo zopangidwira nsomba za salmon pa nyanja zikuluzikulu monga Michigan ndi Ontario, makamaka zokokera kachipangizo komiza chingwe kotchedwa Dipsy Diver, zimagwira bwino ntchito ya muskie. Zinapangidwira kukokedwa mwamphamvu tsiku lonse. Nthawi zambiri ndodo yokokera yabwino imatsika mtengo kuposa yoponyera. Ndalama zotsalazo muike pa reel.

Chachinayi, kutalika kumatengera malo ake m'boti

Ngati mukugula imodzi yokha, tengani ya mapazi 8 kapena 8 ndi theka, pafupifupi mamita awiri ndi theka. Imatulutsa chingwe kunja kwa boti mokwanira, ndipo siivuta pokokera nsomba mu ukonde muli nokha.

Mukakhala ndi zingapo, muziganiza ngati mukuyala zovala pa chingwe, chilichonse pamalo pake. Ndodo za m'mbali, zoloza kunja kumanja ndi kumanzere, zikhale zazitali, mapazi 9 kapena 10, ena amafika 12. Ntchito yake ndi kutalikitsa nyambo ndi boti komanso ndi nyambo zinzake, kuti pokhota zingwe zisalukane. Amene anamasulapo nyambo ziwiri za mbedza zitatuzitatu zitalukana, mphepo ikuwomba, akudziwa chimene ndikunena.

Ndodo za kumbuyo, pafupi ndi injini, zikhale zazifupi ndi zamphamvu, mapazi 6 ndi theka kapena 7. Njira imeneyi inatchuka pa Lake St. Clair, nyanja yosazama ili pakati pa Detroit ndi Ontario, kumene Homer LeBlanc, amene anapanga nyambo ya Swim Whizz, anaonetsa anthu kuti muskie siopa phokoso la injini. Imabwera mpaka mu thovu limene injini imatakasa. Nyambo imayenda mamita awiri kapena anayi okha kumbuyo kwa boti, nthawi zambiri ili ndi mtovu woimiza, ndipo nsonga ya ndodo imalozetsedwa pansi mpaka kulowa m'madzi. Kumiza nsongako kuli ndi chifukwa: udzu woyandama umakodwa pa ndodo m'malo motsetsereka ndi chingwe kukafika pa nyambo. Muskie ikaluma pa chingwe chachifupi chotere, mumamva ngati wina wamenya boti ndi nyundo. Ndodo ya graphite pamalo amenewa ndi kuitaya dala.

Pali njira inanso yofalitsira nyambo, ya matabwa oyandama otchedwa planer board, amene amakokera chingwe kutali kumbali. Ngati ndi timatabwa tating'ono topanidwa pa chingwe chenichenicho, ndodo ikukoka zinthu ziwiri, thabwa ndi nyambo, tsono ikhale ya msana wolimba ndipo iziima choloza kumwamba kuti chingwe chisakhudze mafunde. Ngati ndi matabwa akuluakulu okhala ndi chingwe chawochawo chomangidwa pa mlongoti wa boti, ndodo imangonyamula nyambo yokha, ndipo ya mapazi 7 kapena 8 ikwana.

Musaiwale kuyeza galimoto ndi mosungira ndodo m'boti. Ndodo ya mapazi 10 yosadukiza siilowa paliponse. Zilipo zolumikiza pawiri, zilipo zolowetsa tsinde mkati, ndipo pa ntchito yokoka zonsezi sizichepetsa kanthu.

Chachisanu, chingwe ndi mphete

Ndodo ndi chingwe zimathandizana, china chikauma chinzake chifewe. Chingwe choluka, chimene amati braid, sichitamuka n'pang'ono pomwe. N'chopyapyala, chimamiza nyambo mozama, ndipo asodzi a muskie amakonda chopirira kukoka kwa mapaundi 80 kapena 100 chisanaduke. Ndi chimenechi ndodo yofewa si nkhani yokambirana. Chingwe cha nayiloni, cha mapaundi 40 kapena 50, chimatamuka chokha, motero chimakhululukira ndodo youmirapo, ndipo chimagwirika bwino ndi tizopanira ta matabwa aja.

Nyengo yozizira ili ndi zake. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene muskie zazikulu zimadya kwambiri kukonzekera chisanu, braid imamwa madzi n'kuundana pa reel, ndipo timphete ting'onoting'ono ta ndodo timatsekeka ndi madzi oundana. Sankhani ndodo ya mphete zikuluzikulu, makamaka ya kunsonga. Mphete yaikulu imalolanso mfundo kudutsa mosakodwa.

Ena amakoka ndi waya m'malo mwa chingwe, kuti nyambo ifike pansi kwambiri pa madzi akuya monga a mtsinje wa St. Lawrence. Waya amadya mphete wamba mpaka kusiya mizere. Amafuna ndodo ya timagudumu m'malo mwa mphete, kapena mphete zachitsulo cholimba kwambiri ndi nsonga ya sipuling'i. Ngati mukungoyamba kumene, wayayu musiyeni kaye.

Kutsogolo kwa chingwe chilichonse kumakhala chidutswa cholimba chimene mano sangadule, cha waya kapena cha fluorocarbon, chingwe cholimba chofanana ndi nayiloni, cha mapaundi 100 kapena 130. Pokoka chimakhala chachitali, mita imodzi kapena kupitirira, chifukwa muskie imakonda kudzikulunga m'chingwe ndipo miyala nayo imapala. Apa kutalika kwa ndodo kumabweranso: chidutswacho sichilowa m'mphete, ndiye ndodo ikafupika kwambiri simutha kuyandikitsa nsomba ku ukonde.

Chachisanu ndi chimodzi, chogwirira

Chogwirira cha cork, khungwa lofewa la mtengo, ndi chokongola m'sitolo. Chiikeni m'chopanira chachitsulo monga Down East, chimene asodzi ambiri a muskie amadalira, mudzachipeze chitanyenyeka pakutha pa chaka. Tengani cha labala kapena cha thovu lolimba lakuda lija. Mbali ya kutsogolo kwa reel ikhale yaitali yokwana dzanja lonse, chifukwa ndi pamene mumagwira potulutsa ndodo m'chopanira nsomba ikukoka. Ya kumbuyo ikhale yotalika kuti muitsamize m'khwapa kapena pamimba, koma isamafike pogunda mpando. Ngati n'kotheka nyamulani chopanira chanu popita kusitolo, muyese ngati ndodo ikulowa ndi kutuluka msanga. Zilipo ndodo zokhala ndi kachitsulo kokolekapo chala pansi pa reel kamene kamakodwa m'zopanira zina.

Chachisanu ndi chiwiri, iyeseni musanalipire

Musaigwedeze m'mwamba ngati mkwapulo, zimenezo sizikuuzani kanthu. Pemphani wogulitsa agwire nsonga, inu mugwire chogwirira, mukweze pang'onopang'ono ngati mukukoka nsomba. Yang'anani mmene ikupindira. Ipange uta wosalala, wopanda malo opinda modzidzimutsa, ndipo mumve pamene msana wake wayamba kukana. Kenaka mangani reel yanu, muone ngati ikukhala osagwedera. Reel ikhale yozungulira yaikulu, yokhala ndi kowerengera kutalika kwa chingwe chimene mwatulutsa, monga Shimano Tekota kapena Okuma Convector. Kowerengerako n'kofunika: nsomba ikaluma pa mapazi 40 a chingwe, mufuna kubwezera nyambo pa 40 pomwepo, osati kungoyerekeza. Pomaliza lowetsani kathonje m'mphete iliyonse n'kuzunguliza. Thonje likakodwa, mpheteyo ili ndi mng'alu ndipo idzadula chingwe.

Tsiku loyamba pa madzi

Musatulutse chingwe chonse nthawi imodzi. Ikani nyambo m'madzi pambali pa boti, mamita awiri okha, boti likuyenda pa liwiro lokokera, muone ngati ikusambira molunjika. Kenaka tulutsani chingwe, ikani ndodo m'chopanira, tsegulani kolira ka pa reel.

Buleki muimange pang'ono chabe. Ikhale yongokwanira kugwira nyambo kuti chingwe chisatuluke chokha, koma yoti mukakoka ndi dzanja mwamphamvu chituluke. Mukakodwa pamwala, reel ilire, chingwe chituluke, mupeze nthawi yoimitsa boti ndi kubwerera. Izi ndi zimene sindinachite tsiku lija la mu Novembala.

Tsopano khalani pansi muyang'ane nsonga. Nyambo ikamasambira bwino, nsonga ya fiberglass imagwedezeka mofanana, tiki tiki tiki, ngati munthu akuvomera ndi mutu. Muiphunzire kagwedezedwe kameneka pa nyambo iliyonse. Kugwedezako kukazilala kapena kuleka, nyambo yakola udzu, ndipo muskie siluma nyambo yovala udzu. Kokani, chotsani, bwezerani. Ikagunda mwamphamvu kawiri katatu n'kubwerera mwakale, mlomo wa nyambo ukukhudza miyala, ndipo kawirikawiri pamenepo mpomwe nsomba imalumira. Boti musaliyendetse mowongoka ngati basi ya pa tala. Muzikhotakhota. Pokhota nyambo ya kunja imathamanga, ya mkati imachedwa, ndipo muskie imene yakhala ikutsatira m'mbuyo mwakachetechete imalephera kupirira.

Reel ikalira, musatsomphole ndodo ngati mukulowetsa mbedza, yalowa kale. Itulutseni m'chopanira idakali yopindika, woyendetsa achepetse liwiro koma asazimitse injini mpaka zingwe zina zitachotsedwa. Ndodo ikhale yopinda nthawi yonse. Ukonde waukulu, pulayala yaitali ndi chodulira mbedza zikhale pafupi musanayambe n'komwe kuwedza, chifukwa pafupifupi muskie iliyonse imabwezedwa m'madzi. Bungwe la Muskies Inc., limene Gil Hamm anayambitsa ku Minnesota mu 1966, linalimbikitsa kwambiri khalidwe limeneli, ndipo pa nyanja zambiri za ku Minnesota lamulo sililola kusunga muskie yochepera mainchesi 54. Nsomba ikhale m'madzi, mkati mwa ukonde, pamene mukuchotsa mbedza. Mbedza ikalowa poipa, iduleni, yatsopano ndi yotchipa. M'chilimwe madzi akatentha kufika madigiri 27, asodzi ambiri amaleka kuwedza muskie mpaka kuzizirenso, poti nsomba yotopa m'madzi ofunda imatha kufa ngakhale yasambira bwinobwino pochoka.

Mukafika kunyumba, masulani buleki ya reel, pukutani ndodo, muiimike chilili kapena muigoneke pa malo athyathyathya. Fiberglass ikatsamira khoma miyezi yonse ya chisanu imatha kupindikiratu. Ndodo ya bambo aja, imene anandisiyira pamapeto pa chaka chimenecho, ili ndi kupindika kotereku chakunsonga, ndipo ndimaiika kumbuyo kumanzere, nsonga m'madzi, kukoka Believer ya mainchesi 10 mu thovu la injini.